Tasibihi ya Che Ayub

Lolemba, 14 Okutobala

Mutu wandidzutsa azana ya kumzikiti isanamveke. Ukuwawira kumbuyo kuno, pamwamba pa khosi, ngati wina anandisenzetsa ndowa n'kuiwala kunditula.

Celestina wadutsa asanapite ku ntchito. Ndi nesi, amakhala kuseri kwa mpanda wathuwu. Ndinamuphunzitsa ali Fomu 2, n'chifukwa chake mpaka lero amanditchula kuti aphunzitsi ngakhale choko ndinasiya chaka chatha. Chimwalirireni amuna anga Che Ayub, masabata atatu apitawa, amangolowa ndi kamakina kake koyezera BP ngati wodzapala moto. Lero kanena 184 pa 108. Wayeza mkono winawo. Chimodzimodzi. Wapinda lamba wa kamakinako.

Akuti mapiritsi ndisadumphitse ngakhale tsiku limodzi, koma pawokha akulephera chifukwa thupi langa lonse lakungika ngati chingwe choyanikapo zovala. Ndichepetse mchere, ndiziyenda m'mawa kusanatenthe, ndipo adzandiphunzitsa kakokedwe ka mpweya kokhazika mtima pansi. Ali pakhomo anatembenuka.

"Aphunzitsi, ndikukupatsani mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. Ikapanda kutsika ndikukutengani, mukagona ku wodi. Sindikufuna kuonanso zomwe ndinaona pa abambo."

Che Ayub inawatenga ndi BP yomweyi. Sitiroko. Akuti anagwa m'nyumba muno ine ndili ku ukwati ku Namwera. Ndinakawapeza kuchipatala osalankhula, mawa lake anatisiya. Wodi ya amayi inayang'anizana ndi khomo limene anawatulutsira atawafunditsa nsalu. Kumeneko sindikufuna kukagona. Ndikakalowa sindikhulupirira kuti ndikatuluka ndi miyendo yanga.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Nkhani yoyenda yathera pakhonde.

Ndili pa eda. Miyezi inayi ndi masiku khumi mkazi wamasiye amakhala pakhomo, osadzola, osavala zowala. Che Ajira, mlongo wawo wamkulu wa Che Ayub, asiya geni yawo ya nsomba ku Nkope kudzakhala nane mpaka ndimalize. Ndawauza zimene wanena Celestina, kuti mwina ndizifika pa mlatho n'kubwerera anthu asanachuluke mumsewu. Anali akusankha mpunga. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ngwamba, alamu, ayi. Dothi la pamanda silinaume, inu muli pamsewu? Aziti chiyani anthu? Aziti mayi uja wayamba kale kudzionetsa."

Ndikudziwa kuti mabuku a chipembedzo amalola wamasiye kutuluka pakakhala chifukwa ngati matenda. Buku lake lili pashelefu pompo, ndi tsamba lomwe ndikulidziwa. Sindinalitsitse. Che Ajira sukulu sanapiteko, anali kubereka Che Ayub kumsana mayi awo ali kumunda. Ndipo mlongo wawoyo atakula ndiye anali mwini mbumba, wowaimira pa chilichonse. Iwonso aferedwa. Kuwagonjetsa ndi buku m'nyumba ya mlongo wawo, ayi. Ndinangoti chabwino.

Za mchere zokha andimvera, mong'ung'udza. Anthu a ku Nkope akubwerabe kudzapepesa, aliyense ndi kajumbo ka usipa wofutsa, mchere wokhawokha. Lero andiphikira wanga padera atauviika kaye m'madzi. Poika mbale akuti ndiwo zoterezi kwawo amapatsa mphaka.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kutentha. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Ndatsegula buku, mzere umodzi ndaubwereza kambirimbiri osamva kanthu. Moyo wanga wonse ndawerenga za akazi amasiye a m'mayiko a eni, koma palibe wolemba amene anandichenjeza za patapata za munthu zotsala pakhomo la bafa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndayamba kuyenda m'kati mwa mpanda momwemuno. Kuchoka pa mtengo wa mango kukafika pa mpopi, kuzungulira khitchini, kubwerera. Che A., alamu anga aja, akuti ndikukhala ngati nkhuku yosowa poikira. Ndaseka, koyamba chichitikireni maliro, kenako ndinachita manyazi.

Atachoka ku ntchito Celestina wandionetsa zokoka mpweya zija. Kukhala pansi, msana kutsamira khoma, maso kutseka. Kukoka ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba ikwere, kutulutsa motalikirapo kuposa pokoka, mapewa kuwasiya agwe. Akuti ndiziwerenga mumtima. Ndayesa atapita. Kuwerengako kukundikumbutsa zoyang'anira mayeso, ndipo ndikangotseka maso ndikuona khomo lija la kuchipatala. Mtima m'malo motsika ukuchita kugunda m'makutu.

Hafiz waimba kuchokera ku Joni. Mwana wanga mmodzi yekhayo, bambo ake anaikidwa iye akusakabe tikiti ya basi. Akuti mayi musamaganize kwambiri. Aliyense akundiuza zomwezo, ngati maganizo ndi mpopi woti n'kungotseka.

Lachisanu, 18 Okutobala

Azibambo ali kumzikiti ku mapemphero a Juma, Che A. atatsikira kumsika, ndinati ndipinde zovala za Che Ayub. M'thumba la kanzu yawo yoyera ndapezamo tasibihi, mikanda ija ya mtengo imene ankatchulira mayina a Mulungu akamaliza swala. Ikununkhabe oyilo. Munthu wokonza mainjini a maboti zaka zonsezi, panalibe sopo wochotsa fungolo m'zala zawo.

Ndinayala mswala wawo, kamkeka kopemphererapo, pakona pabalaza pamene ankakonda, n'kutsamira khoma. Sindinakonzekere kuyesa za Celestina, zinangochitika. Mkanda umodzi, kukoka mpweya. Kutulutsa, Subhanallah, chala kupita pa wina. Osawerenga, mikandayo imadziwa yokha pothera. Khomo la kuchipatala linabwera, koma silinakhalitse. Kunabwera zina: Che Ayub akupalasa njinga, injini ya boti atamangirira pa kaliyala, akundiitana kuti ndisiye mabuku ndiwatsegulire geti injini isanawagwetse.

Pofika pa mphonje ya kumapeto, mapewa anali atagwa okha. Ndinalira, koma kulira kwina, kosakanirira pakhosi.

Che A. sindinawauze. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndimafuna kanthu kamodzi ka mlongo wawo kakhale kanga ndekha.

Loweruka, 19 Okutobala

168 pa 100. Celestina wawomba m'manja ngati ndakhoza mayeso. Akuti chimene ndikuchitacho ndipitirize, kawiri pa tsiku, mapiritsi osaiwala. Ndikumachita Che A. akapita kumsika m'mawa, ndi masana akakhala kuseri akuchapa. Ngati mwana wobisa shuga.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndagona tulo mpaka azana. Mutu wapepuka.

Abale abwera kudzakambirana za sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi. Mpunga uchokera kuti, mbuzi agula ndani, kukwezerana mawu pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinali m'chipinda, dzanja lili pa tasibihi pansi pa pilo. Sabata yathayi phokoso lotere likanandigoneka. Mango ayamba kupsa kunsonga, kumene Che Ayub ankagwetsa ndi nsungwi.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndilembe bwinobwino mwina zichoka m'mutu.

Che A. anapita kumsika monga mwa masiku onse. Ndinakhala pakona paja, pa mswala, tasibihi m'manja, mutu utatsamira khoma, maso otseka. Ndinali nditafika patali, kumene njinga zamoto za mumsewu zimamveka ngati zili kutsidya kwa mtsinje. Geti sindinalimve. Iwo anabwerera panjira, akuti anakumana ndi mnzawo wa ku Nkope amene anawagawira chambo.

Chimene ndinamva ndi kukuwa. Sindinamvepo munthu akukuwa choncho, ngakhale tsiku la maliro. Potsegula maso ndinangoona msana wawo pakhomo, akuthamangira panja akufuula kuti Inna lillahi, alamu apita, nawonso apita. Ine kuti ndiimirire, miyendo yachita dzanzi. Ndinaitana, koma mawu anga sakanaposa awo.

Pofika pakhonde, bwalo ladzaza. Azimayi oyandikana nawo, ena thovu la sopo lili m'manja, ena ayamba kale kulira. Atandiona nditaima pakhomo anabwerera m'mbuyo ngati aona mzukwa. Mmodzi anandikhuthulira ndowa ya madzi kumutu, akuti mwina ndinakomoka. Wina anali atathamangira kale kumzikiti. Wina, sindikudziwa ndani, anali ataimbira Hafiz.

Mwana wanga. Nditamuimbira sanathe kulankhula, amangoti mayi, mayi. Anali atatuluka pa ntchito osatsanzika, ali panjira yopita kokwerera basi.

Ndinafotokozera anthu, madzi akuchucha m'chitenje, kuti ndimangokoka mpweya monga anandiuzira a nesi. Ena anaseka. Mayi wina akuti kani masiku ano ndi mpweya womwe ukufuna sukulu. Che A. sanaseke. Analowa, anatola tasibihi pansi, anapinda mswala, n'kukatsekera zonse m'chikwama chawo.

"Muli m'manja mwanga mpaka eda ithe. Masana maso musadzatsekenso m'nyumba muno."

Chambo chija tachipeza mochedwa kuseri kwa chitseko, nyerere zokhazokha.

Lachiwiri, 22 Okutobala

192 pa 110. Celestina amafuna kunditenga lero lomwe. Ndamupempha kuti tisunge pangano la Lachisanu. Wavomera monyinyirika, akuti dzanja likangochita dzanzi, kapena pakamwa kupotoka, kapena m'maso kuchita chidima, ndimuimbire pomwepo, za eda akakamba yekha ndi a Shehe. Anayesa kulankhula ndi Che A. Iwo anamuyankha mwaulemu kuti mwanangu, za jakisoni ndi zako, za m'nyumba muno ndi zanga.

Anthu akubwera kudzaona wouka kwa akufa. Ndiwalandire, ndiwafotokozere, ndiseke nawo. Aliyense akachoka mutu ukuwonjezera.

Ndayesa ndi maso otsegula, popanda mikanda. Sizikutheka. Che A. akumakhala pampando moyang'anizana nane, ndikangophethira motalika akutsokomola.

Ndawakwiyira. Mkwiyo sindinauzolowere, sindikudziwa pouika. Tasibihiyo ndi ya amuna anga.

Lachitatu, 23 Okutobala

M'mawa ndalongedza kachikwama ka kuchipatala. Zitenje, mswachi, kapu, mapiritsi. Ndakaika pafupi ndi khomo. Che A. anakaona akusesa, anaima tsache lili m'manja, n'kufunsa kuti ulendo wa kuti. Ndinawauza zonse mosabisa: za Lachisanu, za wodi, za khomo lija. Ndinati mwambo sindikukana, pamsewu sindinapondepo, koma chinthu chimodzi chimene chimanditsitsa mtima achitsekera m'chikwama.

Anakhala pansi pomwepo, pasimenti, atatambasula miyendo. Kenako anayamba m'Chiyao, motsitsa, akuyang'ana pakona paja.

Anthu onse anandiuza kuti Che Ayub anagwa. Sanagwe. Tsiku limenelo Che A. anali atagona kuno, atabwera ndi nsomba zawo kumsika wa m'tauni. M'mawa anaona mlongo wawo atakhala pakona, pa mswala, tasibihi m'manja, mutu utatsamira khoma, maso otseka. Anati akupemphera. Anayenda monyang'ama kuti asawasokoneze. Anasesa, anawiritsa tiyi, anadutsanso, ali chomwecho. Anazindikira tiyi atazizira, ataona kuti mikanda sikusuntha ndipo malovu akutsikira mbali imodzi.

"Ndinamusesera mozungulira, alamu. Mwana woti ndinamubereka kumsana. Ndiye Lolemba ndikulowa, ndikupeza zomwezo, malo omwewo, mikanda yomweyo. Mumafuna ndidikirenso tiyi azizire?"

Sindimadziwa. Masabata onsewa akhala nazo okha, uku akundiviikira usipa m'madzi. Ndinawauza zimene anandiuza adokotala tsiku lija, kuti mtsempha umene unaphulika unali waukulu, ngakhale akanafika msanga sizikanasintha. Kaya anandikhulupirira, kaya. Tinalira tonse pasimenti pomwepo, tsache lili pakati pathu.

Masana anatulutsa tasibihi. Sanandipatse. Anati ngati ndikufuna kutseka maso nditseke, koma osati pakona paja, ndipo iwo agwire dzanja langa. Mikanda azisuntha ndi iwo. Ine ndikatulutsa mpweya ndiziwafinya chala, adziwe kuti ndilipo.

Tayesa pansi pa mango. Poyamba amafunsa mkanda uliwonse, alamu mulipo? Ndinati ndikamayankha mpweya ukundithawa. Anati chabwino, finyani basi.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kawiri lero, m'mawa ndi dzuwa litapendeka. Dzanja lawo ndi lokhakhala, mamba a nsomba zaka zonsezi, koma zala zake ndi zazifupi ngati za mlongo wawo. Sindinazindikirepo. Ndaonanso kuti akutsatira mpweya wanga osadziwa, ndikakoka nawonso akukoka. Akuti iwo za a nesizo sakuchita nawo, akungondilondera.

Hafiz abwana ake amulandiranso, Alhamdulillah.

Mutu ulipo koma wabwerera m'mbuyo. Kachikwama kali pakhomo pomwe. Mawa.

Lachisanu, 25 Okutobala

Titamwa tiyi tinakakhala pansi pa mango, Celestina asanafike. Misana kutsamira mtengo, tasibihi pakati pa manja athu. Tili chapakati, mikanda inaleka kusuntha. Ndinafinya chala. Zii. Ndinafinyanso.

Ndinatsegula maso. Mutu wawo wapendekera pa thunthu, maso otseka, pakamwa pali yasa pang'ono. Kukuwa kunafika pakhosi, ndipo pamenepo ndinadziwa kumene kukuwa kwa Lolemba kuja kunachokera. Ndinayang'ana pachifuwa. Chinakwera. Chinatsika. Chinakweranso. Kenako kamkonono kakang'ono. Chibwerereni kuno sindinawaonepo atagona. Ndimagona iwo ali maso, ndimadzuka ali kale pamoto.

Celestina anatipeza choncho. Ndinamupukusira mutu kuti asalankhule. Anavula nsapato, anagwada, n'kumanga lamba pa mkono wanga wamanzere popeza wamanja unali wogwidwa. Kamakina kanalira motsitsa, ine maso ali pachifuwa pa Che A. Anakatembenuza kuti ndione: 158 pa 94. Anadikira pang'ono, anayezanso. Pafupifupi chimodzimodzi.

Anandinong'oneza kuti sinafike pamene akufuna, Lolemba ndikaonane ndi adokotala za mapiritsi, koma yogonera ku wodi si imeneyi. Kenako analoza mkono wa Che A. ndi mlomo.

"Awanso mubwere nawo. Muwauze kuti akukuperekezani."

Anatuluka nsapato zili m'manja.

Dzanja langa linachita dzanzi mpaka m'phewa, dzanzi la kugwidwa, osati lija ananena Celestina. Sindinalichotse. Mthunzi unasuntha, dzuwa linafika pa mapazi athu. Anadzidzimuka mango atagwera pa malata a khitchini, n'kundifinya mwamphamvu.

"Alamu, mulipo?"

"Ndilipo."

Anayang'ana mikanda, anayang'ana dzuwa, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango. Anati ndisauze munthu. Kenako anafunsa ngati nesi wabwera. Ndinati wabwera, wanena kuti ndigona kwathu.

Anandiika tasibihi m'dzanja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake. Atalowa m'nyumba ndinamva zipi ya kachikwama kaja, kenako chitseko cha kabati.